Utsi Wopita Kuseri

Achemwali anga sadziwa kuphika zochepa. Anagwira ntchito moyo wawo wonse m'khitchini ya fakitale ina yosoka mayunifolomu, kuphikira anthu odzaza holo, ndipo tsiku limene anapuma ntchito palibe amene anakumbukira kuwauza manja awo. Mpaka lero akati akazinge anyezi amadula ngati kukubwera basi yathunthu ya alendo. Chonsecho m'nyumbamo timakhala awiri, iwo ndi ine. Ine ndinabwera mwamuna wanga atamwalira, ndikuti ndikhale pang'ono mtima ukhazikike, ndipo pang'onopo pandimeretsa imvi.

Ndi mayi wamfupi, wa mikono ngati ya wonyamula matumba. Mawu awo anakulira pakati pa mapoto akuluakulu ndi phokoso la makina, moti ngakhale akukufunsa kuti wadzuka bwanji, umayamba wadzifufuza kuti walakwa chiyani. Khalidwe lawo lina limene msewu wonse umalidziwa ndi lakuti sapita kwa munthu. Ukwati amatumiza ine. Kuzonda odwala amatumiza ine ndi poto. Amati miyendo yawo inathera pa simenti ya kufakitale, ndipo wowafuna akudziwa pamene pali chitseko.

Amuna awo, alamu anga, anali dalaivala wa basi za maulendo ataliatali. Zinadziwika mochedwa kuti ena mwa masiteji amene ankaimapo sanali odziwika ku kampani. Achemwali atamva nkhaniyo sanalire, sanaswe mbale, sanaitane abale. Anaitana womanga. Nyumbayo anamanga awiri, ndipo panalibe wofuna kuchokamo, choncho khoma linadutsa pakati. Achemwali anatenga kutsogolo, kumene kuli khitchini, balaza ndi zipinda ziwiri. Alamu anatsala ndi chipinda chimodzi chakumbuyo, bafa, ndi kampata kopapatiza kamene kanali m'mbali mwa khitchini. Chitseko chawo chinaloza msewu wina. Kuti uchoke kwathu ufike kwawo umatuluka pageti, kudutsa pa ometa tsitsi, kukhota pangodya, kudutsanso pa owotcherera zitsulo. Kuyambira pamenepo achemwali sanatchulenso dzina la amuna awo. Amangoti Akuseri, ndipo dzinalo linawakanirira mpaka ana a mumsewu amawapatsa moni nalo.

Tsopano nkhani ya fani. Pakhoma la khitchini, pamwamba pa sitovu, panali fani yakale yotulutsa utsi. Anaiika ndi alamu omwewo kalekale, achemwali ali ndi pakati pa mwana wawo mmodzi yekhayo, nthawi imene fungo la mafuta otentha linkawasanzitsa. Anaboola okha khomalo ndi chizulo, nalumikiza mawaya mwa udalaivala wawo. Faniyo inkaponyera utsi m'kampata kaja, ndipo panthawiyo kampatako kanali panja, kopita mphepo. Koma nyumba itagawidwa alamu anaona kuti malo awachepera. Anafolera kampatako ndi malata, naikamo zenera ndi mpando, nati ndi balaza lawo. Fani sinauzidwe za kusinthaku. Inapitiriza ntchito yake mokhulupirika, kuthira utsi wonse wa khitchini yathu m'balaza la alamu.

Munthu wanzeru zake akanakhomapo thabwa tsiku lomwelo. Alamu sanakhome. Munthu wachifundo akanasiya kuyatsa faniyo. Achemwali sanasiye.

Zinkayenda chonchi. Dzuwa likafika pamutu achemwali ankathira mafuta m'chiwaya, kuponyamo phiri la anyezi, kenako n'kukoka kachingwe ka fani. Faniyo inkayamba ndi kubuula ngati nkhalamba yodzuka pampando, kenako n'kumalira khwerere khwerere, mafuta akale akugwedera pa mapiko ake. Posakhalitsa tinkamva nsapato ikumenya khoma kuchokera kuseri. Achemwali ankawonjezera moto. Kenako kuseri kunkati zii, ndipo tinkadziwa kuti munthu wanyamuka. Ometa tsitsi ankati sankafuna wotchi, ankangoona Akuseri akudutsa atakwiya n'kudziwa kuti nthawi ya nkhomaliro yakwana.

Ankafika pakhomo pathu akutsokomola chifuwa chochita kukonzekera m'njira.

"Kodi mukufuna kundipha ndi utsi, mayi inu?"

"Mukanafa kale. Anthu ngati inu safa msanga."

"Ndikakusumirani. Makatani anga onse akununkha anyezi."

"Kasumeni. Nayi mbale iyi, idyani musiye phokoso."

Mbaleyo inkakhala itapakulidwa kale, yovundikira bwino, nyama yofewa chifukwa mano a alamu anayamba kuchoka limodzilimodzi, mafuta ochepa chifukwa ali ndi matenda a shuga. Alamu ankailandira ngati akulandira chindapusa chimene chachepa. Madzulo mbale inkabwerera pazenera pamodzi ndi dandaulo lakuti mchere unachuluka, kapena unachepa, malinga ndi mmene kwachera. Ine nditangofika kumene ndinkachita mantha, ndikuganiza kuti tsiku lina adzamenyana. Nditakhalitsa ndinazindikira kuti ndikuonera ukwati wolimba kuposa maukwati ambiri a mumsewu mwathu, kungoti uwu unkadutsa pabowo.

Amene anawononga zonse ndi alamu eni ake, chifukwa chodziwa kudandaula mopitirira muyeso. Mwana wawo uja anakula n'kukhala namwino mumzinda wina, ndipo tonse timangomutchula kuti Nesi. Akaimba foni kufunsa bambo ake za mapiritsi, iwo ankasiya za mapiritsi n'kuyamba za utsi.

"Mayi ako akundiwamba wamoyo, mwanawe. Ukadzabwera udzandipeza ndauma."

Ankanena zimenezi mokoma, pakamwa pali mafuta a nyama ya achemwali. Koma Nesi ndi mwana womvera, ndipo kuntchito kwake amaona mapapo a anthu tsiku ndi tsiku. Anazitenga nkhanizo monga mmene zinanenedwera. Atapeza tchuthi anatulukira pakhomo ndi chikatoni chachikulu pa galimoto yahayala, kumbuyo kwake kukubwera mmisiri ndi makwerero.

M'katonimo munali chokoka utsi chamakono, chija chimakhala pamwamba pa sitovu ngati chisoti chachitsulo, chokhala ndi magetsi ake, mabatani ake ndi sefa zogwira mafuta. Achemwali anachiyang'ana monga mmene amayang'anira mkazi wovala mopitirira pamaliro.

"Chimenechi chikudzatani muno?"

"Amayi, adadi akudwala ndi utsi wanu. Inunso mumatsokomola. Fani ija yatha ntchito."

"Ikuzungulira."

"Ikuzungulira, koma ikuzungulirira m'chipinda cha munthu."

Achemwali anayang'ana fani yawo pakhoma. Akanati chiyani? Kuti utsiwo ndi belu loitanira bambo ako ku chakudya? Mawu amenewo sakanatuluka ngakhale mutawakoka ndi pulayala. Anangoti, "Chitani zimene mwabwerera," n'kukhala pampando wa pakona atapinda manja.

Mmisiriyo anali bambo wamtali wosalankhulalankhula, amene anzake amamutchula kuti a Levulo chifukwa sakhulupirira maso awo pa chilichonse. Asanakhudze fani anaika levulo, kachida koyezera ngati chinthu chawongoka, pa sitovu, napeza kuti yapendekeka, naika kachidutswa ka matailosi kunsi kwa mwendo wake. Achemwali anati sitovuyo yaphikira anthu zaka zonsezi ili chipendekere ndipo palibe anadandaula kuti msuzi wake wapendekeka. A Levulo anavomera mwaulemu, napitiriza.

Anazimitsa magetsi a nyumba yonse, nakwera pamakwerero, nayamba kumasula fani. Zomangira zake zinali zitamira m'mafuta a zaka zambiri, olimba ngati phula, moti anachita kukumba ndi mpeni kuti apeze mitu yake. Mawaya anali opotana pamanja n'kukulungidwa ndi tepi imene inasanduka chikopa. A Levulo anawayang'ana nthawi yaitali.

"Amene analumikiza apa ali moyo?"

"Ali moyo," anatero achemwali. "Ndanena kale kuti safa msanga."

Fani itazuka panatsala bowo lozungulira, lakuda bii. A Levulo anasuzumiramo kuti aone kunja, ndipo anatsala pang'ono kugwa pamakwerero.

"Kuno kuli munthu!"

Analidi munthu. Alamu anali atakwera pampando kuseri kwakeko, nkhope yawo itadzaza bowo lonse, magalasi ali pamphuno.

"Mukuchita chiyani ndi fani yanga, achimwene?"

"Adadi, tikukuchotserani utsi," anatero Nesi mosangalala. "Simudzatsokomolanso."

Ndinaiona nkhope ija ikusintha pabowopo. Anayang'ana mwana wawo, nayang'ana pansi pamene panakhala achemwali, koma achemwali anali otanganidwa kwambiri ndi kuchotsa ulusi pa siketi yawo.

"Zikomo, mwanawe," anatero alamu, ngati munthu wothokoza amene wamugulira bokosi lamaliro lokongola.

A Levulo anatifotokozera za paipi, chifukwa ntchito yonse ya chokoka utsi ili pa kumene utsiwo ukupita. Njira yachidule inali bowo lakalelo, koma anati sangathire utsi m'chipinda chokhala munthu. Ine ndinafunsa ngati sangangoilowetsa mu siling'i n'kuisiya mmenemo, poti mmwambamo simukhala aliyense kupatula makoswe. Anandiyang'ana ngati ndatukwana. Anati amisiri aulesi amachita zimenezo, mafuta ndi chinyezi n'kumaunjikana pa mitengo ya denga, ndipo tsiku lina eni nyumba amadzaotha nyumba yawo yomwe. Anatinso paipi imadana ndi makona, ngodya iliyonse imadya mphamvu ya makina. Choncho njira yabwino inali yowongoka, kuboola siling'i, kuboola lata, utsi uzipita kumwamba.

"Uzipita kwa Mulungu," anatero achemwali. "Tione ngati Iyeyo adzabwere kudzagogoda."

Ntchito anaigwira bwino, zimenezo sindingawanamizire. Anayeza kuchokera pa sitovu kukwera mmwamba, nati chisoticho chikatsika kwambiri chimapsa ndiponso wophika amagunda mutu, chikakwera kwambiri utsi umathawira m'mbali. Anajambula mzere pakati penipeni ndi pensulo, nayendetsa kachida kena pakhoma kufufuza mawaya obisika asanaboole. Anakhoma zitsulo zopachikira, naika levulo, namasula, naikanso levulo. Anakoka waya watsopano n'kuika soketi yakeyake. Kenako anakwera padenga, nadula lata, natsitsa paipi yosalala yachitsulo, namata polumikiza ponse kuti pasatuluke ngakhale kampweya. Pamwamba anaveka kachipewa koletsa mvula ndi mbalame, ndipo mkati munali kachitseko kotseguka utsi ukamatuluka n'kudzitseka kokha mphepo ikafuna kubwerera.

Nthawi yonseyi alamu anali pabowo paja, kupereka malangizo amene palibe anawapempha. Pomaliza a Levulo anakanda matope a simenti, natenga zidutswa za njerwa kuti atseke bowolo.

"Musatseke lonse, achimwene," anatero alamu. "Khoma limafuna kupuma."

"Khoma silipuma, bambo."

"Siyani kampata pang'ono. Ka chala chimodzi."

"Mungalowe mphemvu."

Njerwa yoyamba inabisa chibwano cha alamu. Yachiwiri inabisa pakamwa, ndipo aka kanali koyamba kuona munthu akuwatseka pakamwa alamu anga. Kenako panatsala magalasi okha, akuyang'ana kupyola a Levulo, kupyola Nesi, mpaka pakona paja. Achemwali anadzuka nati akukaona ngati zovala zauma, chonsecho tsikulo sitinachape.

Poyesa makinawo a Levulo anatenga kapepala kopyapyala n'kukaika pansi pa sefa. Kanamatirira pompo osagwa. Nesi anaomba m'manja. Anakazinga anyezi, ndipo m'khitchini simunamveke kanthu, ngati akukazinga pa kanema. Tinatuluka panja kukaona utsi ukutuluka pa kachipewa kaja, woonda, waulemu, wosalakwira munthu. Ometa tsitsi ndi makasitomala awo anatuluka kudzaonerera, wina mutu atametedwa mbali imodzi. Fani yakale a Levulo anaiponya pa mulu wa zinyalala pageti. Nesi anapsompsona mayi ake, nazungulira kukapsompsona bambo ake, nabwerera kuntchito ali wokhutira kuti wapulumutsa moyo wa munthu.

Tsiku lotsatira dzuwa linafika pamutu monga mwa masiku onse. Achemwali anathira mafuta, naponya anyezi, nadina batani. Chisoti chinayamba kung'ung'udza motsitsa ngati mlendo wamanyazi. Tinadikira nsapato. Khoma linali chete. Achemwali anapakula mbale ija, naivundikira, naiika pamalo pake pafupi ndi chitseko. Inakhala pamenepo mpaka inazizira.

"Mbale iyi ndi ya ndani?" ndinafunsa dala.

"Ya mphaka."

"Tilibe mphaka."

"Ndiye ukagule."

Masiku anapita chomwecho. Mbale inkapakulidwa, inkazizira, ndipo madzulo ndinkaidya ine kuti isatayike, mpaka masiketi anayamba kundithina. Kuseri nako zinthu zinkayenda mobwerera. Alamu sadziwa kuphika ngakhale dzira. Moyo wawo wonse anadya m'masiteji ndi pabowo. Ndinawaona pagolosale akugula buledi ndi chitini cha nsomba, lamba atamuboola bowo latsopano. Munthu wa shuga amene amamwa mapiritsi m'mawa sayenera kudumpha chakudya, ndipo tonse atatu tinkadziwa zimenezi. Ndinachita mantha, ndipo mantha anga amatuluka ngati mkwiyo.

Ndinanyamula mbale n'kuzungulira nayo. Alamu anatsegula chitseko pang'ono, osandilowetsa.

"Akutumani, alamu?"

"Ayi, ndabwera ndekha."

"Ndiye bwererani nayo. Ine si wopemphetsa. Ndinkalandira mbale ija chifukwa ankandilakwira. Panopa sakundilakwira."

Ndinabwerera n'kukawauza achemwali kuti angonena mawu amodzi okha, akuti ndakutuma.

"Ndimutumizire chakudya ngati ndani wake? Ndinkamupatsa kuti atseke pakamwa. Panopa patsekeka."

Ndinawauza kuti onse awiri ndi ana okalamba ofunika kukwapulidwa, ndipo anandikumbutsa kuti nyumba ndi yawo.

Si kuti sanayese. Achemwali anatenga wailesi n'kuigunditsa kukhoma, naikweza mpaka mawindo kunjenjemera. Anaiwala kuti makutu a alamu anatha ndi injini za basi. Amene anabwera kudzadandaula anali owotcherera zitsulo, tangoganizani. Alamu nawo tsiku lina anafika pageti pathu nthawi yeniyeni ya nkhomaliro, atavala shati yosita. Anaima, nayang'ana padenga, nafunafuna mlandu.

"Alamu," anandiitana mokweza kuti amve a m'nyumba, "paipi yanuyo yapendekeka. Idzagwera kwanga."

Apa mpata unali utapezeka. Achemwali akanangoti inde yapendekeka, nayi mbale. Koma achemwali sangalole kuti chinthu cha m'nyumba mwawo chinyozedwe, ngakhale chinthu chimene amadana nacho.

"Sinapendekeke!" anakuwa ali m'khitchini. "Anaika ndi levulo!"

Alamu anayang'ananso paipi ija. Inali yowongoka ngati msilikali. Anagwedeza mutu, natembenuka, ndipo ndinaona kuti akuyenda mogwira mpanda.

Sipanapite nthawi, ometa tsitsi anabwera akuthamanga, lumo lili m'manja. Anati apeza Akuseri atakhala pansi m'mphepete mwa msewu, thukuta lili kamukamu, manja akunjenjemera, osadziwa bwino kumene ali. Anawamwetsa chakumwa chotsekemera, nawaperekeza kunyumba, ndipo tsopano ali bwinoko. Achemwali anamvetsera nkhope ili gwa. Ometa tsitsi atachoka anandiuza kuti ndiitane a Levulo.

A Levulo anabwera akuganiza kuti makina awonongeka. Anadina mabatani onse, naika kapepala kawo, kanamatirira.

"Chili bwinobwino, mayi."

"Ndikudziwa. Ndicho chifukwa chake ndakuitanani. Ndikufuna muike kapaipi kena kakang'ono, kochokera apa kupita kuseri."

"Kupita m'chipinda muja?"

"Kakang'ono. Kongodutsa fungo."

"Mayi, ndingakupititsireni paipi kulikonse kumene mukufuna, ngakhale kuzungulira nyumba yonse. Koma m'chipinda chokhala munthu ayi. Dzanja langa silingachite."

"Nanga mukaimasula pang'ono kuti izidontha?"

A Levulo anagwira levulo yawo pachifuwa ngati akuiteteza kuti isamve. Achemwali anawatchula mayina angapo amene sindingalembe pano, kenako anawapakulira chakudya, chifukwa palibe munthu amatuluka m'nyumba mwawo ndi njala, ngakhale wopanda ntchito.

Mawa lake ndinawapeza achemwali m'khitchini nthawi isanakwane. Anathira mafuta m'chiwaya chachikulu chimene anachoka nacho kufakitale, naponyamo anyezi ochuluka kuposa masiku onse. Batani sanadine. Anangoima n'kumayang'ana anyeziwo akufiira, akuda, akuyamba kupsa. Mayi amene sanapserezepo kanthu chibadwire anapsereza anyezi dala, utsi n'kudzaza khitchini mpaka ine misozi mbwembwembwe. Chisoti chija chinangoti duu pamwamba pawo, choyera, chopanda chochita.

"Tenga mbale," anatero. Anakulunga nsalu pa chogwirira cha chiwaya, nachinyamula chikufuka, natenga chivundikiro cha poto kudzanja linalo. "Tsegula geti."

Ndinaganiza kuti sindinamve bwino. Koma anatuluka. Achemwali anga, amene sanapite ku ukwati wa mwana wa mlongo wawo, anatuluka mumsewu atavala masilipasi, chiwaya chikufuka patsogolo ngati wansembe wofukiza lubani, ine pambuyo ndi mbale. Ometa tsitsi anazimitsa makina. Pangodya galimoto inaima kutipatsa njira. Owotcherera zitsulo anakweza magalasi awo akuda pamphumi, ndipo palibe anayerekeza kuseka.

Titakhota, achemwali anaima. Anayang'ana mageti a mumsewuwo limodzilimodzi.

"Geti lake ndi liti?" anafunsa motsitsa mawu.

Zaka zonsezi munthu ankagona kuseri kwa khoma lawo, achemwali ankamva kutsokomola kwake, ankadziwa mano amene amuchoka, koma geti lake sankalidziwa. Ndinawalozera.

Sanagogode. Anapita pazenera la kabalaza kaja, limene linali lotsegula pang'ono, naika chiwaya pafupi, nayamba kukupiza utsi ndi chivundikiro kuti ulowe. Ankakupiza ndi mphamvu zonse za mikono ija. M'katimo munali zii. Kenako tinamva kutsokomola, kwenikweni osati kokonzekera. Kenako tinamva nsapato ikumenya khoma, khoma lakale lomwe lija la kukhitchini, kumene kunalibe aliyense.

"Kuno, chitsiru!" anakuwa achemwali.

Chitseko chinatseguka. Alamu anaima pakhomo nsapato imodzi ili m'manja, shati ikulendewera pamapewa ngati yobwereka. Anayang'ana chiwaya, nayang'ana masilipasi, nayang'ana msewu wonse umene achemwali anayenda.

"Kodi mukufuna kundipha ndi utsi, mayi inu?"

"Mukanafa kale," anatero achemwali, koma mawu aja a kufakitale sanabwere onse. Anandilanda mbale n'kuwagunda nayo pamimba. "Idyani musiye phokoso."

Anawakankha n'kulowa, poti chiwaya chinkafuna poikapo. Ine ndinatsatira. Kabalazako kanali kakang'ono kuposa mmene ndinkaganizira. Khoma lonse la mbali ya khitchini linali lakuda ndi mwaye wa zaka, kupatula chigamba chozungulira cha simenti yatsopano. Malo oika mpando analipo kuzenera, kumene kumapita mphepo, koma mpando wa alamu unali pansi penipeni pa chigambacho, ndipo miyendo yake inali itakumba timaenje pansi posonyeza kuti sunasunthepo. Patebulo, pa nyuzipepala yoyala bwino, panali fani ija. Anakaitola pa zinyalala. Anali ataimasula, naitsuka phiko lililonse mpaka utoto wake woyamba kuoneka, wobiriwira, umene ine sindinkaudziwa n'komwe.

Achemwali anaiyang'ana nthawi yaitali. Anaigwira ndi chala, phiko linazungulira mosalira. Alamu anali atakhala kale pampando wawo, mbale pamiyendo, akudya mogwetsa mutu kuti tisaone nkhope.

"Ndiye mumatha kutsuka," anatero achemwali. "Zaka zonsezi mbale zanga mumabweza zili ndi mafuta."

"Mchere wachepa," anayankha alamu, pakamwa pali podzaza.

Achemwali anafufuza pokhala, koma m'nyumbamo munali mpando umodzi wokha. Anatembenukira kwa ine, maso ali ofiira, ndipo anati ndi anyezi.

"Iwe, ukuyang'ana chiyani? Pita ukatenge mchere. Ubwerenso ndi mpando wanga wa pakona uja."